WARTBURG: LINGA LA PAPHIRI NDI ANTHU ATATU AMENE ANAKHALAMO

Inu acinyamata amene mumapita pa maulendo a gulu mudziwa mmene ulendo wa tsiku limodzi umathera. Mulawira mbandakuca, mufika dzuwa litakwera kale, muthamangira kujambula zithunzi, mudya kamba wanu, ndipo musanaone bwino kanthu kali konse mtsogoleri wayamba kuitana kuti basi ifuna kunyamuka. Anthu a ku Ulaya naonso amacita cimodzimodzi ndi malinga ao akale. Pamwamba pa mapiri ambiri a kumeneko pali nyumba zamiyala zimene mafumu anamanga zaka 800 kapena 900 zapitazo, ndipo pa masiku a chuthi anthu amakwera kukaziona ndi kubwerera kwao madzulo omwewo.

M'kope lino tikutengani ku limodzi la malinga amenewa. Dzina lake ndi Wartburg. Liri pamwamba pa tauni ya Eisenach, m'cigawo ca Thuringia, pakati pa dziko la Germany. Mwa anthu onse amene anagonamo, tifuna kuti mudziwe atatu: kamtsikana ka zaka 4, mphunzitsi wothawa imfa, ndi mlimi wa kumudzi. Palibe mmodzi wa iwo amene anamanga lingali, ndiponso palibe amene anakwera phirilo cifukwa ca kulikonda. Alendo a tsiku limodzi amamva zambiri za awiri oyambawo. Wacitatuyo ambiri amampitirira osadziwa.

KWERANI NDI MIYENDO

Kucokera ku mzinda waukulu wa Frankfurt, sitima imatenga maola ngati awiri kufika ku Eisenach. Ndi tauni yaing'ono koma ya mbiri: katswiri wa nyimbo uja Johann Sebastian Bach anabadwira momwemo mu 1685. Mukakweza maso ca kumwera muona linga litakhala pa msana wa phiri, pakati pa mitengo. Basi imakwera mpaka pafupi ndi pamwamba, koma ngati miyendo yanu iri bwino, yendani pansi. Ndi ulendo wa mphindi ngati 40 m'nkhalango, ndipo pofika pa cipata mudzakhala mutakwera mamita ngati 200 kucokera m'tauni. Wefuwefu ameneyo akuphunzitsani zimene buku silingakuphunzitseni. Nkhuni, matumba a ufa, mcere, ngakhale madzi akumwa, zonse zinali kukwera njira yonga yomweyi. Pamwamba pa thanthwe palibe kasupe. Anthu anali kusunga madzi a mvula m'citsime cokumba pabwalo, ndipo abulu anali kutuntha ena kucokera kunsi.

Nanga munthu wanzeru zake angamangirenji nyumba pamalo ovuta cotere? Yankho liri pansi pa phirilo. Pa Eisenach panali kupita msewu waukulu wamalonda wochedwa Via Regia, umene unali kulumikiza maiko a kumadzulo ndi a kum'mawa. Mwini phiri anali kuona ali yense woyenda m'cigwamo, ndipo mdani sakanamdzidzimutsa. Dzina lenilenilo la Wartburg licokera ku liu la Cijeremani lotanthauza kulonda.

Anthu a kumeneko amasimba kuti mu 1067 mkulu wina dzina lake Ludwig, amene anamucha "Wolumpha", anafika pa phirili ali kusaka nyama, nalikhumbira. Koma malowo sanali ake. Tsono anatuma anthu ake kukatapa dothi la ku dziko lake m'madengu ndi kulimwaza pamwamba pa phiri. Eni malo atamsumira, iye anabwera ndi amuna 12 monga mboni, ndipo iwo anazika malupanga ao m'dothi lija nalumbira kuti aimirira pa nthaka ya Ludwig. Iyi ndi nthano, musaiyese mbiri yotsimikizika. Koma ikuuzani zimene anthu wamba anali kuganiza za njira zimene akuluakulu amapezera malo. Milandu ya malire sinayambe lero ai. Cimene cidziwika ndithu n'cakuti dzina la lingali linalembedwa koyamba mu 1080, ndi kuti mwana wa Ludwig ndi adzukulu ake anadzakhala olamulira a Thuringia, ndi udindo wochedwa Landgraf.

Mulowa pa kamlatho kamatabwa, mupyola cipata camdima, mufika pabwalo lopapatiza. Patsogolo panu pali nsanja yaitali yokhala ndi mtanda wagolide pamwamba pake. Alendo ambiri amaima pamenepo ndi kunena kuti, "Taonani nchito ya anthu akale!" Pepani, nsanja imeneyo inamangidwa pakati pa 1853 ndi 1859. Yakale inali itapasuka kale, ndipo pofika ca m'ma 1800 linga lonse linatsala pang'ono kusanduka bwinja. Amene analiukitsa ndi Carl Alexander wa ku banja lacifumu la Weimar, pamodzi ndi mmisiri wake Hugo von Ritgen, ndipo nchitoyo inatenga zaka zoposa 30. Iwo sanangokonza zogumuka. Anamanganso zina monga mmene iwo anali kulotera kuti nthawi yamakedzana inali kuonekera. Cotero poyenda m'lingali muzifunsa otsogolera alendo kuti, "Nanga ici n'ca liti?" Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyumba imene iri yakale ndithu ndi ija yaikulu ya kudzanja lamanzere mukalowa bwalo laciwiri. Imachedwa Palas. Akatswiri anawerenga mizere ya m'kati mwa mitengo ya denga lake, napeza kuti mitengoyo inadulidwa ca m'ma 1160. Mukaipenya bwino muona kuti siinamangidwire nkhondo: iri ndi makonde otseguka ndi nsanamira zosema zithunzi za mbalame ndi mikango. Inali nyumba yoonetsera ulemerero, yolandiriramo alendo ndi kuweruziramo milandu.

KAMTSIKANA KA KU HUNGARY

Mu 1211 kunafika ku Thuringia kamwana kakakazi ka zaka 4, dzina lake Elisabeth, mwana wa Andrew II mfumu ya Hungary. Sanabwere kudzaceza. Makolo anali atapangana kale kuti adzakwatiwa ku banja la Landgraf Hermann I, cifukwa mabanja awiriwo anali kufunana pa ndale, ndipo mwambo unali wakuti mtsikana akulire kwa apongozi ake. Taganizani: pa msinkhu umene mng'ono wanu akali kugwira citenje ca amake, iye anali atasiya kale kwao ndi cinenero ca kwao comwe. Amai ake anaphedwa ku Hungary mu 1213. Mu 1221, ali ndi zaka 14, anakwatiwa ndi Ludwig IV m'chalichi ca St Georg pansi m'tauni. Lero tingauche ukwati wa ana, ndipo sitingalakwe. Codabwitsa n'cakuti mboni za nthawiyo zigwirizana kuti awiriwo anakondana ndithu.

Masiku amenewo n'kuti otsatira a Francis wa ku Assisi atangofika kumene ku Germany, alikulalika umphawi wodzifunira. Elisabeth anawamva, ndipo mau ao anamlowa. Mu 1226 anadziika pansi pa uphungu wa wansembe wina woopsa mtima, Konrad wa ku Marburg. Mwa malamulo amene anampatsa, limodzi linali lakuti asadye ciri conse cimene cinalandidwa kwa alimi mopanda cilungamo. Lamuloli limveka laling'ono, koma taonani mmene linali kugwirira nchito. Mkazi wa mwini linga ali pa gome pakati pa alendo olemekezeka, mbale zadzaza nyama ndi vinyo, iye n'kuyamba wafunsa anchito kuti cakudyaco cacokera kuti. Akamva kuti n'ca msonkho wokakamiza, anali kungokhala ndi njala, nthawi zina n'kudya kacidutswa ka buledi kokha. Ife tiganiza kuti ici cinapweteka acibale a mwamuna wake koposa mphatso zonse zimene anali kupatsa osauka. Munthu wopereka zacifundo amayamikidwa. Koma wokana kudya pa gome lanu ali kukuuzani, osatsegula pakamwa, kuti ndinu akuba.

Caka comweco ca 1226 kunagwa njala yaikulu. Ludwig anali ku Italy, kumene Mfumu Yaikulu Frederick II inamuitana. Elisabeth, mai wa zaka 19, analamula kuti nkhokwe za mwamuna wake zitsegulidwe ndi kuti tirigu agawidwe kwa anthu. Anaonanso kuti odwala ndi okalamba sangathe kukwera phiri lija mwakwera inu ndi thukuta. Motero anamanga kacipatala ka mabedi 28 m'mbali mwa phiri, pansi pa linga, ndipo iye mwini anali kutsikirako kukadyetsa ndi kusambitsa odwala. Malowo akali kudziwika, amachedwa Elisabethplan. Akapitao a cuma anadandaula kwambiri, koma Ludwig atabwera anaima kumbali ya mkazi wake.

M'khonde lina la m'Palas mudzaona zithunzi zimene Moritz von Schwind anajambula pa khoma mu 1854 ndi 1855. Cimodzi cionetsa nthano yochuka ya maluwa: akuti Elisabeth anakumana ndi mwamuna wake atabisa buledi wa osauka m'cobvala, ndipo atamuuza kuti aonetse cimene wanyamula, buledi uja anasanduka maluwa. Nthanoyi inabwera pambuyo pake, ndipo imasimbidwanso za akazi ena oyera mtima. Imamnamiziranso Ludwig, amene sanali kumletsa kugawa. Mudzalowanso m'cipinda cochedwa ndi dzina lake, cimene makoma ndi denga lake zakutidwa ndi timagalasi tonyezimira tagolide. Zimenezo zinaikidwa pakati pa 1902 ndi 1906, monga mphatso ya Kaiser Wilhelm II. Cipinda ca golide ca mkazi amene anali kugulitsa zokongoletsa zake kuti adyetse anjala! Mwini wake akadaciona, kaya akadati ciani.

Mu September 1227 Ludwig anamwalira ndi malungo ku Otranto, m'dziko la Italy, ali pa ulendo wopita ku nkhondo ya ku Yerusalemu. Patangopita masabata ocepa Elisabeth anabala mwana wao wacitatu. Anali ndi zaka 20. Mlamu wake Heinrich Raspe anatenga ulamuliro, nagwira minda ndi cuma cimene mkazi wamasiyeyo anayenera kudyerapo. Nkhani yotere simufunika kuti wina akumasulireni. Mwaiona ndi maso anu pa maliro ambiri. Mabuku akale amati anampitikitsa. Akatswiri a mbiri ambiri lero amati anacoka yekha, cifukwa popanda cuma cakecake sakanatha kusunga lamulo lija la cakudya. Mulimonsemo, anatsika phirilo m'nyengo ya cisanu, ndipo adzakazi ake anacitira umboni kuti anagona m'kanyumba kamene kale kanali khola la nkhumba. Mu 1228 acibale ake atamthandiza kulandirako gawo la cuma cake, anapita ku Marburg namanga cipatala cina, nagwiramo nchito ndi manja ake. Ana ake analeredwa ndi ena. Konrad uja anamcotsera anzake apamtima, ndipo anali kummenya pofuna kuti amuphunzitse kumvera. Ici sitingacibise, ndiponso sitingaciyamikire. Elisabeth anamwalira pa 17 November 1231 ali ndi zaka 24. Mu 1235 Papa Gregory IX analengeza kuti ndi woyera, ndipo zipatala zambiri pa dziko lapansi zimachedwa ndi dzina lake.

Zipinda za pamwamba tingazipyole msanga. Ciripo ca oimba, cokumbutsa nthano ya mpikisano wa alakatuli pa bwalo la Hermann I, imene Richard Wagner anaipangira sewero loimba lochedwa Tannhäuser mu 1845. Ciriponso cipinda cacikulu ca maphwando. Mu October 1817 ophunzira a m'mayunivesite ngati 500 anasonkhana pa Wartburg kufuula kuti maufumu ang'onoang'ono a Ajeremani akhale dziko limodzi laufulu. Zinayamba bwino. Koma madzulo ake, pa phiri lina loyandikana, ena mwa iwo anasonkha moto natentha mitolo ya mapepala yolembedwa maina a mabuku amene anali kudana nao, limodzi la iwo la mlembi Waciyuda Saul Ascher. Ndipo mu 1938 a cipani ca Nazi anatsitsa mtanda uja wa pa nsanja naikapo cizindikiro cao, ngakhale kuti pasanapite nthawi mtandawo unabwezedwa. Ali yense wofuna mphamvu ku Germany anali kufuna kubwereka ulemu wa phiri limeneli.

MUNTHU WANDEVU WOCHEDWA JÖRG

Kucoka m'Palas, kanjira kopapatiza ka m'mbali mwa khoma kakufikitsani kumene alendo ambiri amakwerera phiri: kacipinda kamatabwa m'nyumba ya kapitao wa linga, pafupi ndi cipata cija munalowera. Apa talumpha zaka pafupifupi 300. Banja la a Ludwig linatha mu 1247, linga linagwera m'manja mwa banja limene pambuyo pake linadzalamulira Saxony, ndipo pofika 1521 linali malo oiwalika okhala ndi alonda ocepa. Kuiwalika kumeneko ndiko kunalipatsa nchito yatsopano.

Martin Luther, mmonke ndi mphunzitsi wa pa yunivesite ya Wittenberg, anali atatsutsana ndi akulu a mpingo kuyambira 1517. Mu April 1521 anaimirira pamaso pa Mfumu Yaikulu Charles V ku Worms, nakana kubweza zimene analemba. Cigamulo cinatuluka cakuti munthu ali yense asampatse cakudya kapena malo ogona, ndi kuti wompeza amgwire. Pa 4 May, ali pa ulendo wobwerera, amuna okwera pa akavalo anaimitsa ngolo yake m'nkhalango pafupi ndi Altenstein, namkoka, nazungulira naye m'chire kufikira usiku, nafika naye pa Wartburg. Ambiri anayesa kuti waphedwa. Koma anali maceza opangana: mfumu ya dera lake, Frederick wochedwa Wanzeru, ndiyo inakonza zonse kuti imbise. Luther anali atauzidwiratu, ndipo anabvomera monyinyirika.

Anabvula mkanjo waumonke, nasunga tsitsi ndi ndevu, napatsidwa dzina lakuti Junker Jörg, ngati kuti ndi msilikali wa banja lolemekezeka. Musaganize kuti anali pa chuthi. Makalata ake aonetsa munthu wosowa tulo, wodzimbidwa koopsa ndi zakudya zonona za m'linga, wosungulumwa, wodziyesa wothawa nkhondo pamene anzake ali pamoto. Malowo anali kuwacha Patmo wake, kukumbuka cisumbu ca Yohane. Tsiku lina anamtenga kokasaka. Iye anagwira kamwana ka kalulu nakabisa m'dzanja la malaya ake kuti akapulumutse, koma agalu anakanunkhiza, nakaluma m'malayamo mpaka kufa. Anabwerera wopanda cimwemwe ndi usodzi wa mtundu umenewo. (Kalulu wa kumeneko alibe nzeru za Kalulu wa m'nthano zathu.)

Mudzamva za inki. Akuti usiku wina Satana anambvutitsa, ndipo iye anamgenda ndi botolo la inki, nasiya banga pa khoma. Luther mwini sanalembepo zotere. Nthanoyo inayamba iye atamwalira. Komabe kwa zaka zambiri alendo anali kupala khomalo kuti atengeko kanthu kopita nako kwao, ndipo osamala linga anali kupakanso inki yatsopano kuti ena adzapeze copala. Lero mudzangoona pamene pulasitala inacokeratu. Tebulo loyamba nalonso analitha ndi timipeni, kabanthu ndi kabanthu. Limene liripo linacokera ku nyumba ya acibale ake. Inu mukapita ku malo a mbiri, manja akhale m'thumba.

Cimene cinacitikadi m'kacipindamo ciposa nthano ya inki. Mu December 1521, atapita mwacinsinsi ku Wittenberg ndi kubwerako, anayamba kumasulira Cipangano Catsopano m'Cijeremani. Anatsiriza m'masabata 11. Tawerengani nokha: mabuku 27, mitu 260, masiku 77. Ndiye kuti mitu yoposa itatu tsiku liri lonse, ndi nthenga yolembera ndi kandulo, m'nyengo ya cisanu. Sanali woyamba ai. Mabaibulo a Cijeremani anali kusindikizidwa kale kuyambira 1466. Koma amenewo anacokera ku Cilatini, liu ndi liu, ndipo anali olimba ngati cimanga cosapsa. Luther anagwiritsa nchito Cigiriki cimene Erasmus anali atasindikiza, ndipo cikhulupiriro cake cinali cakuti womasulira ayenera kuchera khutu ku malankhulidwe a anthu wamba, kuti wowerenga amve ngati mau a kwao.

Anacoka pa Wartburg pa 1 March 1522, atakhalapo miyezi 10. Ku Wittenberg anakonzanso zolembazo pamodzi ndi mnzake Philipp Melanchthon, amene anali kudziwa Cigiriki kuposa iye, pakuti mutu umodzi susenza denga. Bukulo linatuluka mu September 1522, makope ngati 3,000, lopanda dzina la womasulira, ndipo pofika December anali kusindikiza kaciwiri. Baibulo lonse linatha mu 1534. Akristu a mipingo yosiyana amamuona Luther mosiyana, koma za nchito iyi akatswiri a cinenero amabvomerezana kuti inathandiza kwambiri kuumba Cijeremani colembedwa. Inu amene mumawerenga Buku Lopatulika pa msonkhano wa gulu, dziwani kuti linatuluka mu 1922, zaka 400 zenizeni pambuyo pa buku la m'kacipinda kaja.

DZENJE LA PANSI PA NSANJA

Pofika apa nthawi imakhala itapita. Anzanu ali kale ku sitolo ya makadi, ena afuna soseji yoocha imene Thuringia amachuka nayo. Inu bwererani ku bwalo laciwiri, mupite kumapeto kwenikweni ca kumwera. Pali nsanja yaifupi, yosakongola, yomangidwa ca m'ma 1318 mphezi itatentha mbali ya linga. Mwa nsanja zonse zamakedzana ndi yokhayi imene yatsala. M'kati mwake, pansi, muli cibowo. Kunsi kwa cibowoco kuli dzenje lakuya mamita 10, lopanda khomo ndi lopanda zenera. Wandende anali kutsitsidwamo ndi cingwe.

Fritz Erbe anali mlimi wa m'mudzi wa Herda. Anali mmodzi wa anthu amene adani ao anawacha "obatizanso", cifukwa anali kukhulupirira kuti ubatizo uyenera munthu wamkulu wobvomereza yekha cikhulupiriro cake, osati khanda. Masiku ano mipingo ina imabatiza makanda, ina siibatiza, ndipo mumakhala nao m'kalasi limodzi osaganizako n'komwe. Nthawi imeneyo unali mlandu wa imfa. Msonkhano wa mafumu ku Speyer mu 1529 unalamula kuti obatizanso aziphedwa, ndipo pa mfundo imeneyi Akatolika ndi otsatira Luther anagwirizana, ngakhale anali kukangana pa zina zonse. Olamulira anali kukumbuka kuukira kwa alimi kwa mu 1525, ndipo ali yense wosonkhana m'nyumba usiku kuwerenga Malembo popanda mbusa woikidwa anali kumuyesa woukira.

Erbe anagwidwa koyamba mu 1531, namasulidwa. Mu 1533 anamgwiranso cifukwa anakana kubatizitsa mwana wake wakhanda, ndiponso anasunga m'nyumba mwake mai wina wa cikhulupiriro comweco amene anali kuthawa. Dera la kwao linali pansi pa mafumu awiri. Wa ku Saxony, Johann Friedrich, mtetezi wamkulu wa Luther, anafuna kuti aphedwe. Wa ku Hesse, Philipp, anakana kupha munthu cifukwa ca cikhulupiriro cokha. Popeza awiriwo sanamvane, Erbe sanaphedwe, komanso sanamasulidwe. Anamtsekera m'nsanja ya pa khoma la tauni ya Eisenach zaka 7. Koma anzake anali kubwera usiku kudzalankhula naye ali kunja kwa khoma, ndipo ena anagwidwa pomwepo naphedwa. Akuluakulu anaona kuti wandendeyo wasanduka mlaliki. Mu 1540 anamkweza pa phiri, kutali ndi makutu a anthu, namtsitsira m'dzenje lija.

Mu 1541 anamtulutsa kwa masabata ocepa, namsamalira bwino, kuti amnyengerere kusintha maganizo. Sanasinthe, ndipo anambwezera momwemo. Liu limodzi lokha likadamtulutsa. Anakhala mumdima ndi m'cisanu zaka 8, namwalira mu 1548, atakhala wandende zaka 15 zonse pamodzi.

Pano pali cinthu cowawa cimene tiyenera kucinena poyera. Kucokera pa dzenje limeneli kufika ku kacipinda ka Luther ndi mtunda wa mphindi ziwiri kapena zitatu poyenda. Munthu amene anabisidwa kumeneko cifukwa anakana kupita motsutsana ndi cikumbumtima cake anadzabvomereza, mu 1531, cikalata ca Melanchthon colangiza mafumu kuti obatizanso alangidwe ndi imfa. Pamene Luther anamwalira mu 1546, Erbe anali akali m'dzenje. Baibulo limene obatizanso ambiri anali kuwerenga ndi kutsutsa nalo abusa linali lomwelo la Cijeremani comveka bwino, limene linayambira pa phiri lomweli. Amene anapatsa alimi buku sanakonzekere tsiku limene alimiwo adzaliwerenga mosiyana naye. Panapita zaka zoposa 460 kuti mlanduwu ukambidwe pamaso: mu July 2010, pa msonkhano wa ku Stuttgart, bungwe la mipingo ya Lutheran pa dziko lonse linapempha cikhululukiro kwa a Mennonite, amene ali mbeu ya obatizanso aja, ndipo iwo anakhululuka.

Za Elisabeth pali machalichi, zithunzi ndi cipinda ca golide. Za Luther pali mabuku osawerengeka. Erbe sanasiye kalata kapena ulaliki, ndipo kwa zaka mazana ambiri dzina lake linali m'mapepala a milandu mokha. Mu 1925 woyang'anira linga, Hermann Nebe, pofufuza m'dzenjemo anapeza zilembo zokanda pa mwala wa khoma, pafupi ndi pansi. Zinali dzina lakuti Fritz Erbe. Mukawerama pa cibowo cija mudzaona kuya kwake ndi maso anu. Kenaka kwerani masitepe kufika pamwamba pa nsanjayo. Kumeneko muona nkhalango ya Thuringia mbali zonse, ndipo ca kumadzulo, kuseri kwa zitunda, pa mtunda wa makilomita ngati 20, ndiko kuli mudzi wa Herda.